Funso la Asiyatu

Swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itatha, a Imurani Matola, mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya pulayimale ku Ntaja, anatsalira pakhonde la mzikiti. Shehe Twaibu Likonde, nkhalamba yophunzira koma yosadzionetsa, anali pomwepo akusoka mkeka wong'ambika. A Matola anapereka salamu, n'kukhala pansi chapatali pang'ono.

"Shehe, ndabwera ndi mtima wolemera. Ndikuganiza zosiya kuphunzitsa ana za nyenyezi."

Shehe anaika singano pambali n'kuwapempha kuti afotokoze.

A Matola anati masabata atatu apitawo ankaphunzitsa Sitandade 8 za kuthambo. Anajambula mlalang'amba pabolodi, n'kuuza ana kuti dzuwa ndi nyenyezi imodzi chabe pakati pa mabiliyoni, kuti milalang'amba nayonso ndi yosawerengeka, ndipo dziko lathuli silifika ngakhale pa kambewu ka mchenga. Tsiku limenelo phunziro linkawakomera, ndipo ankadzimva kuti amadziwa zinthu. Ndiye mtsikana wina wofatsa, Asiyatu, anakweza dzanja. Anafunsa kuti, ngati dziko ndi laling'ono chomwecho, kodi Allah amamva dua, pemphero la munthu mmodzi? Iwo anamuyankha kuti funso limenelo silibwera pa mayeso. Kalasi yonse inaseka, iwonso anaseka nawo.

Patapita masiku anamva kuti sabata imeneyo mayi a mwanayo anali gone kuchipatala, ndipo anamwalira. Chichitikireni malirowo, Asiyatu sanapondenso kusukulu.

"Ndikuona ngati maphunziro amenewa ndi amene anamutayitsa mtima," anatero a Matola. "Kodi ndinachimwa powaphunzitsa?"

Shehe anati iwo za milalang'amba sankazidziwa bwino, ndipo anapempha a Matola kuti awaphunzitse monga anaphunzitsira anawo. A Matola anachita manyazi, komabe anatola kamtengo n'kujambula pansi. Nkhalambayo inamvetsera ngati mwana wasukulu, ikufunsa apa ndi apo. A Matola atamaliza, Shehe anatamanda Allah motsitsa mawu kuti, "Subhanallah."

"Aphunzitsi, zimene mwandiuzazi sizinachepetse chikhulupiriro changa, zachikulitsa. Musasiye kuphunzitsa. Amene analenga zonsezo sasokonezeka ndi kuchuluka kwake, ndipo dua ya mwana mmodzi imamufika. Nyenyezi sizinamulakwire mwana uja."

A Matola anaweramitsa mutu. Anazindikira kuti anabwera akufuna kuti mlandu ugwere phunziro, osati pakamwa pawo.

"Nanga ndikanamuyankha chiyani, Shehe? Ine si wophunzira za chipembedzo."

"Mukanamuuza kuti simukudziwa, n'kumufunsa kuti akupempherera ndani. Kodi mwanayu kwawo n'kuti?"

A Matola anamuphunzitsa mwanayo zaka ziwiri, koma mudzi wake sankaudziwa.

Shehe anatolanso singano yawo, n'kunena mosakalipa: "Tsiku lija lapita, aphunzitsi, ndipo silibwerera, pa limenelo mupemphe chikhululuko kwa Allah. Koma mwanayo ali moyo. Mawa mufunse anzake njira ya kwawo, mukakhale pansi pamaso pa abale ake, mukamuuze kuti munalakwa kuseka. Yankho la funso lake lidzamveka pambuyo pa kupepesa kwanu."