Thiriki Yakhumi ya a Msaiwale

Chiyambireni migodi ya kumpoto kuchotsa anthu ntchito, tebulo lodyera la a Lamson Msaiwale ku Ellenbrook, dera lina la mzinda wa Perth, linasanduka la makadi. Zaka khumi ndi ziwiri bamboyu ankakwera ndege kukasanthula miyala, masiku amene Perth anali Perth, woyendetsa lole akuseka malipiro a dokotala. Chitsulo chitagwa mtengo, anatsala ndi jekete yowala ya kumgodi ndi mtima wozolowera kuti chilichonse chimene wagwira chibereke mapasa.

Amene anawatola anali Mayi Bennett, mzungu wokalamba wa kutchalitchi kwawo. Mayiyu anaphunzitsa a Lamson ndi akazi awo, a Felesta, masewera a briji. Mumakhala anayi, awiri mbali imodzi. Aliyense akaponya khadi la mtundu umene woyamba waponya, waponya lalikulu wadya, ndipo imeneyo ndiyo thiriki. Mbali imodzi imalonjeza mathiriki amene idye. Ikatero, mmodzi amayala makadi ake poyera n'kutseka pakamwa. Ntchito yake ndi kungoponya khadi limene mnzake watchula. Pa mpikisano wa matimu, kukwaniritsa lonjezo ndiye nyama, thiriki yapamwamba ndi msuzi chabe.

Chaka chimenecho maso a Mayi Bennett anali akuzima. Makadi ankachita kuwagunditsa pamphuno, ndipo anali atanena kuti akatha mpikisano wa chaka chimenecho, basi. Zaka makumi atatu akusewera, anali asanafikepo m'ndime yomaliza. Loweruka lina masana, mu holo ina ku Cannington, timu yawo inangotsala ndi masewera amodzi kuti ifikeko. Mayiwo ndi mnzawo Maclean anali patebulo lina, banja la a Msaiwale pa lina. Matebulo onse awiri ankagawiridwa makadi ofanana, kumene a Msaiwale anagwira kuno kukagwiridwa ndi adani uko, kenaka n'kufananiza zotsatira.

Pa kugawa komaliza, a Lamson analonjeza mathiriki asanu ndi anayi. A Felesta anayala makadi awo: dayamondi zisanu ndi imodzi, zomwe zinali esi, kingi, kwini ndi zazing'ono zitatu, kwinako zinyalala zokhazokha. M'manja mwa a Lamson munali mathiriki anayi otsimikizika, zitseko za mitundu ina yonse zotseka, ndi tidayamondi tiwiri. Tiwirito ndiye tinali njira yokhayo yofikira chuma chinali patebulocho.

Ngakhale wophunzira wa miyezi itatu amaidziwa njira yake. Dayamondi yoyamba umangoipereka, kuponya kakang'ono uku ndi uku, adani adye. Ukatero, ngakhale mdani mmodzi atasunga zinayi, esi, kingi ndi kwini zimasesa zotsalazo, ndipo zisanu zako ndi zinayi zija lonjezo lakwana. Koma a Lamson anawerenga kuti zikagawika bwino adya khumi, anthu adziwe kuti ku Ellenbrook kuli mwamuna.

Anaponya kadayamondi n'kunena, "Esi."

Dzanja la a Felesta linaima m'malere. Lamulo silinawalole ngakhale kutsokomola.

"Ndati esi, mayi a Mwawi."

Anaitenga ngati akutola khala la moto. Adani onse awiri anatsatira ndi dayamondi. A Lamson anamwetulira n'kuitana kingi. Mdani wa kumanja, m'malo mwa dayamondi, anataya khadi la mtundu wina.

Mayi wa kumanzere, amene anasunga dayamondi zinayi, yaikulu yake ili jeki, anangokonza magalasi ake. A Lamson anayang'ana m'manja mwawo: dayamondi zatha. Anadya kwini, jeki n'kutseka njira, ndipo zotsalazo zinaolera patebulo ngati mango a tsidya la mtsinje wodzaza. Anathera pa mathiriki asanu ndi awiri.

Atangoimirira, a Felesta anatsegula pakamwa.

"Bambo a Mwawi, mwatani? Zisanu ndi zinayi zinali m'thumba!"

"Kambiri zimagawika bwino. Masamu ake ndikuwadziwa."

"Masamu a kumgodi aja? Ndani anakutumani yakhumi? Ndipo mwandigwiritsa ine esi ija, ndi dzanja langali!"

Mayi Bennett anali akubwera, atagwira mkono wa Maclean, nkhope ikuwala. Kwawoko zinali zitayenda bwino. Anakhala pansi kufananiza zotsatira, Maclean akuwerenga mokweza chifukwa mayiwo sankaona manambala. Mpaka pa kugawa komaliza anali patsogolo.

"Lomalizali n'lofanana basi," anatero Mayi Bennett. "Kwathu mnyamata wa adani amene anagwira makadi akowo anapereka dayamondi yoyamba, n'kudya zisanu ndi zinayi. Nanunso choncho, eti Lamson?"

Maclean anayang'ana pepala la a Msaiwale, kuliyandikitsa, kulitalikitsa, kenaka anavula chipewa.

"Zisanu ndi ziwiri," ananong'ona.

"Wati chiyani?"

"Agwa ndi ziwiri, mayi. Tatuluka."

Mayiwo anatembenuzira nkhope kumene kunali a Lamson, maso akufufuza munthu amene sankamuonanso bwino. Sanakalipe. Anangofunsa motsitsa, ngati munthu wofunsa za maliro amene sakuwakhulupirira.

"Unayamba ndi esi? Iwe Lamson? Si phunziro lachitatu limene lija, pakhonde panga?"

"Ndimafuna yapamwamba, mayi."

"Ya chiyani, mwanawe?"

Mayi Bennett anapinda pepala la zotsatira, analisiya pampando, n'kupempha Maclean kuti awaperekeze kugalimoto. Sanagwirenso makadi.

Njira yonse yobwerera ku Ellenbrook a Felesta anayendetsa okha, amuna awo atakhala pambali manja ali pamawondo. Thiriki yakhumi inawadyera asanu ndi anayi aja, n'kudyeranso mayi wokalamba tsiku limene analidikira zaka makumi atatu. Akulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.