Dengu la Pakona pa Sikirini

Panali mayi wina wosoka zovala pakhonde la sitolo ku Luchenza. Anthu ankamutchula kuti Nachisale. Mwana wake mmodzi yekhayo, Mwatitha, anamwalira ali kusukulu ya uphunzitsi, ndipo katundu wake anabwera pa matola: chikwama, ndowa ndi kompyuta yakale.

Nachisale sankadziwa Chingerezi. Pa holide yake yomaliza, Mwatitha anangomuphunzitsa kuyatsa makinawo ndi kukoka zinthu ndi mausi, basi. Pa sikirini panali tizithunzi tambiri, ndipo ukatsegula tina unkamva mawu a mwanayo: akuimba nyimbo za kwaya, akuseka, pena akuyeserera kuphunzitsa m'kalasi mopanda munthu. Pakona panali kachithunzi kooneka ngati dengu. Mayiyo anaganiza monga aganizira mayi aliyense, kuti chamtengo wapatali sichikhala poyera pamene ana a aneba amaseweretsa. Anakokera zonse za Mwatitha m'dengumo. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankatulutsamo imodzi, n'kuimvera, n'kuibwezera, monga ankachitira ndi chitenje chake cha ukwati.

Magetsi atayamba kuzimazima, kompyuta ija inadwala. Inkayaka, kuonetsa buluu, n'kuzima. Nachisale anaikulunga m'chitenje, n'kupita nayo kwa bambo wina wokonza makina pafupi ndi depoti.

Bamboyo anali munthu wofatsa. Anapatsa mayiyo mpando wake, iye n'kukhala pa kireti. Anati mafayilo amene amayendetsa makinawo awonongeka, ndipo anawakonza. Kompyuta inadzuka, koma nkhope yake inali yachilendo. Sikirini yonse inali bii, tizithunzi tina titasowa, tina titabalalika. Nachisale anagwira pamtima. Bamboyo anamuuza kuti asaope, zimatero. Wodwala akatuluka m'chipatala amayamba wafunafuna nsapato zake. Bamboyo anayamba kufunsa pamene kachithunzi kalikonse kankakhala, mayiyo akuloza ndi chala, iye n'kumabwezera. Dengu lija linabwerera pakona pake. Mtima wa mayiyo unakhala pansi, ndipo anatsikira kumsika kukamugulira nthochi.

Atatsala yekha, wokonza uja anaona kuti bini ya m'kompyutamo yadzaza. Anaikhuthula, monga amachitira ndi makina a aliyense. Poona malo ambiri otsala, anakumbukira kuti mayiyo watchulapo za kwaya, ndipo anamudzaziramo nyimbo zamapemphero, za mphatso chabe.

Nachisale anabwera ndi nthochi zake. Anafuna kuti munthu wabwinoyu amve mmene mwana wake ankaimbira. Anatsegula dengu. Munali mbee.

"Bambo, za m'dengu langa mwaziika pati?"

"Limenelo si dengu, amayi. Ndi bini, motaya zinyalala. Ndakutayirani."



"Munali mwana wanga mmenemo," anatero mayiyo chapansipansi.

Bamboyo sanadziikire kumbuyo. Anatseka chitseko cha shopu, ofuna kutchajitsa mafoni n'kuwabweza. Anayesa njira zonse zimene ankadziwa zoitanira zotayidwa. Koma zinthu zikatayidwa m'makina, pamalo pake pamakhala zatsopano, ndipo pamalo a Mwatitha panali patakhala nyimbo za mphatso zija. Chimene anapulumutsa chinali kachidutswa kamodzi. Munkamveka mtsikana akukonza kukhosi, akukoka mpweya kuti ayambe kuimba. Kenako zii.

Onse awiri anamvera kachidutswako kawiri. Kachitatu bamboyo anayang'ana kukhoma.

Nachisale sanatukwane. Akanatukwana ndani? Munthu amene anamupatsa mpando? Kapena dzanja lake lomwe, limene linasunga mwana motaya zinyalala? Anakulunga kompyuta ija, yomwe tsopano inali yamoyo ndi yachangu ngati yatsopano. Bamboyo anamunyamulira mpaka pamsewu, ndipo anamugwira pachigongono podutsa ngalande. Nthochi zija mayiyo anazisiya pa kireti, chifukwa anali atagulira iyeyo.

Lamulungu lililonse amayatsabe makinawo. Tizithunzi tonse tili m'malo mwake, palibe chosokonekera. Amamvera mwana wake akukoka mpweya, n'kumadikira nyimbo yomwe sibwera.

Ana anga, ndi inu amayi anzanga, m'nkhaniyi mulibe munthu woipa, n'chifukwa chake imandipweteka. Wina anasunga ndi chikondi, wina anasesa ndi chikondi, ndipo madzi atatayika sanaoleke. Timapita m'nyumba za ofedwa ndi za odwala titanyamula tsache, mtima uli woyera. Timachapa, timalongedza, timataya zimene ife taziona ngati zakutha: kamalaya kong'ambika, kapu yosweka mlomo. Thandizani ndithu, musaleke. Koma dzanja lanu lisanakhuthule kanthu m'nyumba ya mnzanu, imani kaye, mumuitane mwiniwake, mumufunse kuti, "Muno muli chiyani?"