Batani la Pamaloboti Limene Silinafenso

Panali mmisiri wina wokonza maloboti pamsewu waukulu wa m'tauni. Pamzati wa loboti panali batani loti woyenda pansi akadina, magalimoto aime, iye awoloke. Batani limenelo linamusowetsa mtendere, ndikukuuzani. Akakonza Lolemba, pofika Lachinayi lafa. Ana asukulu ankalidina ngati akuimba ng'oma, oitanira minibasi ankalimenya ndi chibakera, mvula nayo inkalowamo. Abwana ake foni siinkapuma. Mmisiriyo ankadya chiimirire, mtima uli m'mwamba.

Tsiku lina anati basi, zakwana. Analikweza batanilo kufika pamphumi pa munthu wamtali, n'kuliphimba ndi chitsulo, kungosiya kabowo kolowa chala chimodzi.

Ndipo silinafenso. Unatha mwezi, chinatha chaka. Koma mmisiri uja kukhazikika ayi ndithu. Ankapitabe kukaliyendera, kuzungulira mzatiwo, kugogoda chitsulocho, osamvetsa chimene chinkamudya mumtima.

M'mawa wina anapezapo mayi ali pa njinga ya olumala, khanda lodwala lili pamiyendo. Chipatala chinali tsidya lina la msewu. Mayiyo anatambasula dzanja, osafikira. Anadzikweza ndi mkono umodzi, khanda linatsala pang'ono kugwa. Anthu oyenda ndi miyendo yawo ankangothamanga pakati pa magalimoto, wodina panalibe. Kenaka mayiyo anayamba kupalasa njinga kulowa mumsewu, uku lole ikubwera ikuliza hutala.

Mmisiri uja anaigwira njingayo kumbuyo.

"Mayi, mufatu! Osadikira loboti bwanji?"

"Ndidikire mpaka liti, bambo? Mwanayu thupi latentha. Batani ili linafa kalekale."

"Silinafe ayi! Chaka chonse silinavutepo."

"Nanga inu mwaonapo ndani akulidina?"

Mmisiri anasuzumira pakabowo. Penti ya batanilo inali kunyezimira ngati yopaka dzulo, popanda ndi litsiro la chala lomwe. Manyazi anamugwira. Anadina yekha, magalimoto anaima, anamuwolotsa mayiyo mpaka pakhomo la chipatala.

Pobwerera anatulutsa sipanala. Anachotsa chitsulocho, n'kutsitsa batani kufika poti munthu wokhala panjinga angalikankhe ngakhale ndi chigongono. Sipanapite nthawi linafa, iye ananyamula zida zake kukalikonza, osadandaula.

Tsono inu amene mwabwera kudzaphunzira ntchito yamanja, ndimakumvanitu mukudzitama kuti chimene munapanga sichinawonongekepo. Pangani zolimba, sindikukana. Koma musalimbitse chinthu potsekera kunja munthu amene munamupangira. Mukapeza ntchito yanu ikunyezimirabe patatha chaka, musakhale pansi n'kumaseka. Nyamukani, mukaime pambali pake tsiku lonse, muone amene akutambasula dzanja osafikira.