Ndime ya Mpunga Imene a Fabiano Sadawerenge

Pa msika wa Golomoti, kumzere wa mpunga, munthu sankafunsa ngati a Fabiano afika. Wailesi yawo ndiyo inkayamba kupereka moni. Ankaikoleka pa msomali wa nsanamira, n'kuikweza mpaka a kumzere wa tomato kuyamba kudandaula, kenaka n'kumasula matumba awo. Inkakhala pa Mphenzi FM chaka chonse, moti kosinthira kake kadachita dzimbiri. Bambo ameneyu adali tcheya wa ogulitsa mpunga, gulu la anthu makumi anayi, ambiri mwa iwo amayi olima ku Bwanje. Adamusankha chifukwa adali ndi pakamwa, komanso sukulu yake adaphunzira ku Mua, kuwerenga sikudali kwachilendo kwa iye. Zimenezi ndikuneneratu dala kuti wina asadzati vuto lidali umbuli.

Chaka chimenecho khonsolo idakonza lamulo latsopano la msonkho wa m'misika. Makhansala adagawikana pawiri. A chipani cha Khasu ndiwo adabweretsa lamulolo, a chipani cha Nyali ankalikana kwamtuwagalu. Mawailesi awiri a m'deralo nawo adasankha mbali. Mphenzi FM inkalumbira m'mawa uliwonse kuti a Khasu akufuna msonkho pa nkhuku iliyonse ya pakhomo, pa njinga yakapalasa, ngakhale pa mtsuko wa madzi. Nthanda FM inkayankha kuti lamulolo ndi mvula ya madalitso, ndipo aliyense wolitsutsa ndi mbava yozemba msonkho. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka kudali kutukwanizana kokhakokha. Mwa owulutsa mawu onsewo padalibe ndi mmodzi yemwe amene adawerengako ndime imodzi ya lamulolo kuti anthu adzimvere okha.

Chonsecho pepala lenilenilo lidali pomwepo. Masamba anayi, olembedwa m'Chichewa chomveka, omatidwa pa bolodi ya ofesi ya msika kuti akhalepo masiku makumi atatu anthu asanapereke maganizo awo. Kuchokera pa benchi ya a Fabiano kukafika pa bolodiyo padali mapazi osaposa makumi atatu.

Amene adaliwerenga adali mayi Edina, mkazi wamasiye wa ana atatu, yemwe adakhala pa benchi yake zaka khumi ndi chimodzi. Ankabwera ndi timatumba titatu tsiku la msika: ka Kilombero, ka Faya, ndi ka mpunga wosweka uja anthu amagulira phala la ana. Umu ndimo amayi onse a kumzereko ankachitira, chifukwa wogula akapeza mitundu yonse pa benchi imodzi sapita patali. Atawerenga pepalalo kawiri, adabwera kwa tcheya wawo nkhope ili gwa.

"Atcheya, ndime yachisanu ndi chiwiri mwaiona?"

"Ndime ya chiyani, mayi?"

"Ya mpunga. Akuti tisiye chiphaso cha pa tsiku, tizilipira pa thumba. Thumba lililonse lolowa pageti mtengo ndi umodzi, lalikulu kapena laling'ono. Ine timatumba tanga titatu sitikwana makilo makumi asanu, ndizilipira katatu. Venda wa lole chithumba chake cha makilo handiredi azilipira kamodzi. Kumsonkhano womvera maganizo kuja mukangopempha chinthu chimodzi, kuti aziyeza pa sikelo. Basi."

A Fabiano adaseka, nachepetsako wailesi pang'ono ngati munthu wochita chifundo.

"Mayi, inu mukuona nyerere, njovu ili pakhomo. Nkhani ndi nkhuku zathu ndi njinga zathu. Mphenzi yanena kale zonse."

"Za nkhuku mulibemo m'pepala muja."

"Angalembe poyera? Akuba salemba."

"Ndiye pitani mukaone nokha."

"Ine ndikaime pa pepala la a Khasu, anthu azindiona? Wowerenga pepala lija wavomereza kale."

Akazi a a Fabiano, mayi Bertha, ankapeta mpunga pambali. Adaika lichero pansi.

"Bambo a Abigail, mapazi makumi atatu okha. Benchi ndikuyang'anirani ine."

"Nanunso mwayamba kumvera Nthanda mobisa eti?"

Pamenepo nkhani idathera. Chopweteka mtima n'chakuti kuyambira tsikulo a Fabiano adayamba kuizemba bolodi ija mwadala. Popita kukagula maunitsi ankazungulira kuseri kwa mzere wa kaunjika, dzuwa lili pamutu, kuopa kuti wina angawaone pafupi ndi ofesi n'kuwanena kuti agulidwa. Masiku makumi atatu adatha munthu akuyenda ulendo wautali pothawa masamba anayi.

Msonkhano womvera maganizo a anthu udachitikira mu holo ina ku Mtakataka. Amayi a mpunga adasonkherana ya minibasi ya tcheya wawo, ndipo mayi Edina adaperekeza a Fabiano mpaka pa siteji.

"Atcheya, sikelo. Musaiwale sikelo."

"Musade nkhawa, mayi. Lero akandidziwa."

Kutsogolo kwa holo kudakhala makhansala, a Khasu uku, a Nyali uko, pakati mlembi wa khonsolo ndi cholembera chake. Gulu lililonse la amalonda lidapatsidwa mphindi zisanu. Woyamba adali a Mustafa, woimira ogulitsa nsomba, munthu wosachuluka mawu. Adatulutsa kapepala m'thumba la kanzu.

"Ndime yachinayi ikuti dengu lililonse. Koma dengu la usipa wouma ndi beseni la nsomba zaziwisi si chinthu chimodzi. Tikupempha muzisiyanitse."

Mlembi adayang'ana makhansala. A Khasu adagwedeza mitu, a Nyali sadakane. Zidalembedwa. A Mustafa adakhala pansi mphindi zawo zitatu zisanagwire ntchito. Mayi wa tomato nayenso adapempha chake, adampatsa theka, adathokoza.

Kenaka adaitana a mpunga. A Fabiano adaimirira, nakonza kolala, nayang'ana kumene kudaima mtolankhani wa Mphenzi FM ndi foni yake yojambulira mawu.

"Ife anthu a ku Golomoti tatopa! Mukufuna msonkho pa nkhuku zathu! Mukufuna msonkho pa njinga zathu! Mawa mudzafuna msonkho pa mpweya!"

Makhansala a Nyali adawomba m'manja mpaka mipando kugwedezeka. A Khasu adayamba kukuwa kuti munthuyo watumidwa. Khansala wina adaloza mnzake chala, mnzakeyo adamukumbutsa za mjigo umene udalonjezedwa zaka zinayi zapitazo, ndipo holo yonse idasanduka bwalo la mpira. Mlembi adamenya tebulo.

"Bambo, mukunena ndime iti?"

"Zonse!"

"Za nkhuku ndi njinga mulibe m'lamuloli. Inu mwabwerera mpunga. Pa ndime yachisanu ndi chiwiri muli ndi mawu?"

Apa ndiye padali pakhomo potseguka. Mawu amodzi okha, sikelo, akadakwana. Koma m'manja muja mudali mutawalowa m'mutu ngati kachasu wa m'mawa.

"Sitikambirana ndi akuba!" adatero, natuluka, makhansala a Nyali ali pambuyo pawo, mtolankhani akuthamangira kutsogolo.

Mlembi adadikira pang'ono, nafunsa ngati pali wina wa mpunga. Padalibe. Adalemba kuti ogulitsa mpunga alibe chosintha, naitana a makala.

Masana omwewo Mphenzi FM idawulutsa mawu a a Fabiano katatu, n'kuwatcha mkango wa ku Golomoti. Nthanda FM idati ndi chidakwa chimene a Nyali adachigulira mowa. Za mpunga sadatchule onse awiri. Mkangowo udafika pa msika chifuwa chili patsogolo, anyamata a kabaza akuuimbira mluzu. Mayi Edina adadikira phokoso lithe.

"Atcheya, za sikelo ayankha chiyani?"

"Mayi, lamulo lonse ligwa. Sikelo ya chiyani pa chinthu chakufa?"

Lamulolo silidagwe. Patapita masabata atatu makhansala adakumana paokha, a Nyali adapatsidwa mpando wa wachiwiri mu komiti ya zachuma, ndipo anthu amene ankafuna kudyana aja adajambulitsa limodzi akumwetulira. Lamulo lidadutsa popanda wotsutsa. Mawailesi adapeza fupa lina lolimbirana, nkhani ya makuponi a feteleza, ndipo msonkho wa m'misika udaiwalika ngati sudakambidwepo.

Koma pageti la msika sudaiwalike. Tsiku loyamba la mwezi wotsatira wodulitsa ziphaso adaima pamenepo akuwerenga matumba. A nsomba adadutsa mwamtendere. Venda wa lole adatsitsa chithumba chofuna amuna atatu, nalipira kamodzi. Mayi Edina adatula timatumba tawo titatu, nalipira katatu. Phindu la tsiku lonse lidatsala pageti dzuwa lisanakwere. Sabata yotsatira adayesa kubwera ndi mtundu umodzi wokha. Wofuna Faya adapeza Kilombero, wofuna wa phala adapeza palibe, onse adapita kwa venda amene adali ndi zonse. Amayi ena adayesa kusoka matumba awiri kukhala limodzi, koma chimene chidatuluka sichinkakwera pamutu kapena pa njinga. Mzere wa mpunga, umene kale unkamveka kuseka kuchokera ku msewu, udayamba kuoneka mipata ngati mano a nkhalamba.

A Fabiano adaimba foni ku Mphenzi FM pa pulogalamu ya m'mawa. Adadzitchula dzina, nayembekeza kuti awakumbukira.

"Bambo, lero tikukamba za makuponi. Muli ndi ndemanga pa makuponi?"

"Ayi, ine ndikunena za msonkho wa mpunga, amayi kuno aku..."

Foni idaduka. Adaimbanso kawiri, maunitsi adatha.

Mawa lake adavala jekete, napita kwa mlembi wa khonsolo uja. Mlembiyo adawalandira bwino, nawapatsa mpando, natulutsa masamba anayi omwe aja.

"Werengani, bambo. Sindikuthamangitsani."

Adawerenga. Sizidawatengere nthawi yoposa imene munthu amamwera tiyi. Nkhuku mudalibe. Njinga mudalibe. Ndime yachisanu ndi chiwiri idali momwemo, mawu ake omwe aja mayi Edina adanena.

"Ndime imeneyi ifenso tinkaikayikira," adatero mlembi. "Sitinkadziwa kuti amayi amanyamula bwanji mpunga wawo. N'chifukwa chake ndidakufunsani kawiri. Mukadangoti sikelo, palibe khansala akadakana, chifukwa palibe chipani chikadaluza kanthu. Tsopano lamulo lidasainidwa. Lidzaunikidwanso pakatha zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri?"

"Zaka ziwiri, bambo."

Gulu la mpunga lidakumana pansi pa mtengo wa kuseri kwa msika, ndipo nkhani sidatalike. Atafunsa ofuna kuti tcheya atule pansi udindo, manja adakwera onse. Dzanja la mayi Bertha lidakwera limodzi ndi enawo, ndipo sadayang'ane kumbali. Mayi Edina padalibe. Benchi yawo adali ataisiyira wogulitsa mapulasitiki sabata yapitayo.

A Fabiano adakawapeza ku chigayo cha mpunga, njira ya ku Bwanje. Mayiwo adali ataima pamzere ndi amayi ena, akugulitsa mpunga wawo wonse kwa venda wa lole yemwe uja, pa mtengo umene vendayo adatchula yekha. Mpunga umene adaudzala okha, kuupalira m'matope ofika m'mawondo, kuuingira mbalame mwezi wathunthu, unkathiridwa m'chithumba cha munthu wina kuti ukalowe pageti polipira kamodzi. A Fabiano adavula chipewa.

"Mayi, pepani. Wailesi ija idatinamiza."

Mayi Edina adakutumula kathumba kawo kopanda kanthu, nakapinda bwinobwino.

"Wailesi sitidaisankhe ife, a Fabiano. Ife tidasankha inu."

Adanyamuka, nalowera njira ya kumudzi, osacheuka.

Onama pa wailesi alipo ndipo adzakhalapo, pakuti ndi mmene ena amadyera. Koma munthu wa maso awiri, wotumidwa ndi anzake makumi anayi, amene adabwereketsa makutu ake kwa wina mpaka kukaima pamaso pa anthu n'kumenyana ndi msonkho umene kulibe, wasiya umene ulipo, ameneyo tim'dandaulire chiyani? Akuluakulu adaona kale anthu a mtundu wake pamene adati: kandimverere adakanena za m'maluwa.