Likhweru la a Faustino

Kumtunda kwa Likhubula, kumene anyani amatsika m'phiri kudzaba zinanazi, bambo Faustino anali ndi galu dzina lake Mwatero. Ankamukonda mopitirira muyeso. Pokhala munthu amene anathawa nkhondo ku Mozambiki chimanjamanja, ankafuna kanthu kamodzi koti n'kakekake.

Choncho ankamuphunzitsa okha kuseri kwa khola la mbuzi. Akaimba likhweru lalifupi, galu ankabwera. Akaimba lalitali, ankagona pansi n'kusiya chilichonse. Ngakhale chakudya sankalandira kwa wina.

"Abambo, tiphunzitseniko nafenso likhwerulo," anadandaula akazi awo, mayi Esteri. "Galuyu amandiyang'ana ngati mlendo pakhomo panga pomwe."

"Galu womvera aliyense amveranso mbala," anayankha a Faustino. "Musiyeni, ndilipo ine."

Mayiwo anabwereza kangapo, koma mawu awo anaponyedwa kunkhongo.

Tsiku lina m'mawa akupalira zinanazi, a Faustino anamva dzanja lamanja likulemera. Khasu linapulumuka, iwo n'kugwa chagada pakati pa mizere. Maso ankaona, makutu ankamva, koma pakamwa panali patakhota.

Atawaonera patali ali chigonere, mayi Esteri anabwera akuthamanga ndi a Lackson, oyandikana nawo, atatenga njinga yoti apitire nawo kuchipatala ku Mishoni. Mwatero anaima pamwamba pa mbuye wake, mano ali pamtunda. Ankachita zomwe anaphunzitsidwa, kuteteza mbuye wake.

"Mwatero, choka! Ndine, iwe!" analira mayiwo. Anayesa kuimba likhweru, galu osalabadira. Atatambasula dzanja, galuyo anawang'amba chilundu.

A Faustino anasonkhanitsa milomo kuti aimbe lalitali lija. Panangotuluka malovu. Anayesanso, anayesanso, dzuwa likukwera. Mtima unawawawa kuposa thupi, poti ankadziwa bwino amene anamanga mpanda umenewu.

"Amayi, tikachedwa titaya munthu," anatero a Lackson motsitsa mawu, n'kutola khasu lija.

A Faustino analibe mphamvu yotembenuza mutu, ndiye anaona zonse. Galu analira kamodzi kokha.

Moyo unapulumuka, koma kuchipatala anati anafika mochedwa, dzanja ndi lilime sizidzabwereranso mwakale. Lero amakhala pakhonde, ndipo amene amawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwatanthauzira akamalankhula ndi mayi Esteri omwewo, amene a Faustinowo anawamana likhweru. Akaganiza za Mwatero misozi imangoyenderera, pakuti galuyo sanalakwe kanthu.

Akuluakulu sananame: kalikokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.