Denga la Nkhokwe Limene Linakhala Pansi Sabata Yathunthu

Panali munthu wina, mkamwini, amene mkazi wake anamwalira mvula ili pakati. Ana analibe. Eni mudzi sanamuuze kuti abwerere kwawo, sanamuuzenso kuti akhale. Choncho iye ankakhala mwakachetechete m'nyumba ya kumapeto kwa mudzi, poopa kuti akamveka mawu, anthu akumbukira kuti akadali pomwepo.

Mvula itatha, kunadza sabata ya nyengo yofatsa. Dzuwa linkawala koma osawotcha. Kamphepo kankangogwedeza masamba a nthochi, ndipo paphiri panalibe mtambo. Munthu uja anakolola chimanga chimene anabzala ndi malemu mkazi wake, nachithira m'nkhokwe yatsopano ya nsungwi. Chimangacho ndicho chinali chakudya chake cha chaka chonse. Kenaka anamanga denga la nkhokweyo pansi, monga amachitira onse, nalifolera ndi udzu. Chotsala chinali chimodzi: denga lotere salikweza munthu mmodzi.

Lachiwiri alamu ake awiri anadutsa, makasu ali paphewa.

"Zikuyenda, alamu?" anafunsa wamkulu.

"Zikuyenda ndithu," iye anayankha, maso ali pansi.

Iwo anayang'ana denga lija, napitirira.

Tsiku lililonse iye ankayang'ana kumwamba nadziuza kuti, "Kunja kuli bwino, ndikawapempha mawa." Lachinayi anafika mpaka pampanda wa alamu aakulu. Anamva anthu akuseka uku akuthothola mtedza. Anaima pang'ono, nabwerera kukadya yekha.

Loweruka masana nkhungu inatsika m'phiri, mphepo inazizira. Aliyense wa kumeneko amadziwa kuti zikatero kukubwera chiperoni, mvula yowaza ya masiku angapo. Ngakhale pamenepo munthu uja sanapite kukapempha. Anatsamiritsa mitengo iwiri pankhokwe, namanga chingwe kudenga, nayamba kukoka yekha. Denga linakwera mpaka pakati, kenaka linaterereka. Linagwa n'kuthyoka, ndipo mtengo umodzi unang'amba nkhokwe, chimanga n'kukhuthukira pansi.

Mvula inawaza masiku anayi. Iye anatuta ndi dengu chimene akanatha, koma chambiri chinanyowa, chinayamba nkhungu.

Kunja kutayera, alamu aja anafika. Wamkulu anatola chimanga chimodzi, nachinunkhiza, nachiponya pansi.

"Alamu, mwatichititsa manyazi," anatero. "Sabata yonse takhala tikuliona dengali. Ine ndinkati munthuyu tinamulakwira, akudikira abale a kwawo kuti adzamukwezere. Kodi pakamwa munabwereketsa? Ntchito imeneyi tikanaigwira madzi osamba asanazizire."

Munthu uja anawerama, nayamba kusankha chimanga chimene chinali chisanawole.

Inu amene mukumva fanizoli, masiku ofatsa amanyenga munthu wamanyazi, chifukwa amamuuza kuti mawa kudzakhalanso chimodzimodzi. Anzanu nawonso ali ndi manyazi awo. Akuona katundu wanu, koma akuopa kulowerera posaitanidwa. Ngati pali chimene manja anu awiri sangachikweze, pitani mukanene lero, kunja kukadali bwino. Kupempha kumalemera pakhosi kanthawi kochepa chabe, koma njala ya munthu amene sanapemphe imafika mpaka zokolola zina.