Fisi Wopanda Mano ndi Nyemba Zaubweya

Kalekale, ana inu khalani chete, akuluakulu lekani kusinza, Fisi anaguluka mano. Mafupa anamukanika. Njala itamufinya analowa m'munda, koma mbewu sankazidziwa. Kwa iye zonse zinali udzu.

Pamzere anapeza Kapuku, kambewa kakang'ono kaja, akututira ana ake chakudya. Anamugwira mchira gwi!

"Iwe sulira mano, ndingomeza," anatero Fisi.

Kapuku anaganiza msanga. Ana ake kuuna anali asanaphenye n'komwe.

"Amalume, ine ndine wa kamwa limodzi. Nanga mawa mudzadyanji? Ndikuphunzitseni mbewu."

"Phunzitsa. Ukanama, ndimeza."

Ananyamuka, Fisi akutsimphina ndi miyendo itatu, wachinayi utafumbata mchira.

"Ichi cha ndevu m'chiuno ndi chimanga. Awa obereka kumutu ndi mapira."

"Ukanama, ndimeza."

"Uwu umabisa ana ake pansi, ndi mtedza. Zulani muone."

Anazula, napeza n'zoona. Dovu chuu!

"Izi zoyanga, za masamba atatuatatu, ndi nyemba."

Fisi kumangodya, mchira osautaya. Munda unali kutha, ndipo Kapuku anadziwa kuti mbewu zikatha, wotsala kumezedwa ndi iye.

Kumalire, pachitsamba, panayanga china cha masamba atatuatatu, zitheba zake zonenepa, zaubweya wofiirira. Kapuku anayang'ana kumbali dala, nayamba kufulumira.

"Ima!" anakuwa Fisi. "Zoyanga, masamba atatuatatu. Nyemba!"

"Ayi amalume, imeneyo si mbewu. Musakhudze."

"Wati chiyani?"

"Ndapota nanu, zisiyeni."

"Hee! Zonona wasungira ana ako, ine n'kumandipatsa zowonda? Ndaphunzira ine!"

Anakoka chiyangayangacho ndi nkhama, zitheba zonse n'kumugwera pamsana. Kapuku anadzifunditsa tsamba la dzungu. Abale inu, chinali chitedze!

Poyamba zii. Kenaka mphuno. Kenaka m'khwapa. Fisi anakanda ndi mwendo umodzi, iwiri, itatu, mpaka kugwa chagada, wachinayi udakagwira mchira. Kapuku anangotsinzina, kuyembekeza.

"Mayo ine! Pakati pa msana!"

Chikhatho chinatseguka. Kapuku liwiro, kuuna lowu!

Ali m'katimo anakuwa: "Kodi ndanama, amalume?"

Mawanga mukuwaona pathupi la Fisi aja ndi zipsera za tsiku limenelo. Tsono inu amene mukadziwa masamba atatu mumayamba kutsutsa wokuphunzitsani, nyemba zaubweya zikadalipo kumalire, kathyoleni. Ine ndiphulireni mbatata yanga isanapserere, nthano yathera pomwepa.